Masamba a Abambo Zakeyu Pamsewu wa Dayisi

Kukamacha, njiwa zisanayambe kulira pa mawaya a magetsi, Abambo Zakeyu Kachingwe amakhala atatuluka kale ndi tsache lawo. Ndimawamva ndili m'chipinda changa ndikupemphera. Ndodo imagunda pansi, mwendo wopuwala uja ukukwekwereza pambuyo, kenako tsache limayamba. Amasesa msewu wa boma, osati bwalo lawo. Amayambira pa geti ya Anti Merle, pamene ine ndimachita lendi, n'kutsetsereka mpaka pa mlongoti wa magetsi wopindika uja. Masiku ena amangopeza mapepala ndi maluwa a jakaranda. Koma Lolemba ntchito imachuluka: zidutswa zakuda za matayala, timawaya tobaya kumapazi, mabotolo osweka, ndi fumbi la labala lonunkha ngati tsitsi lopserera. Amaunjika zonsezo, n'kuzithira m'thumba la manyowa, n'kulikoka mpaka pakhomo pa shopu ya matayala ya a Twalha. Amakhuthula pomwepo, pakati penipeni polowera, n'kulavula pambali. Palibe anawatuma ntchitoyi, palibe amawathokoza, ndipo iwo sapatsa moni munthu aliyense.

Ine ndine mkazi wa malemu Kondanani Gama. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Silverton, ndipo ndakhala muno mu Eersterust, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya Anti Merle, chilondolereni amuna anga ku Joni. Anyamata obwera kumene kuchokera kumudzi amawatcha a Zakeyu madala wopenga. Sapenga ayi. Sindinganenenso kuti ndi munthu wokoma kukhala naye, pakamwa pawo m'powawa, ndipo ine ndemwe ndili nawo mawu mumtima. Koma munthu asamasekedwe ndi anthu osadziwa chimene chinamupundula mwendo.

Kwawo ndi ku Ntcheu, mudzi woyang'anana ndi wa amuna anga, pakati pali dambo lokha. N'chifukwa chake ankatchulana achimwene, ndipo ine amanditchula alamu. Anabwera ku Joni tsitsi lili bii. Anayamba ndi kuthyola malalanje ku mafamu a ku Brits, kenako anapeza ntchito ya m'gadeni kwa azungu a ku Lynnwood. Pa kusadza mitengo analibe mnzawo. Akazi awo anamwalira kumudzi iwo ali kuno, ndipo uthenga unawapeza maliro ataikidwa kale. Ana awo ali ku Lilongwe, koma anayambana nawo pa nkhani ya munda, moti foni yawo siilira.

Ali mnyamata kumudzi anali m'gulu la adzukulu, okumba manda ndi kunyamula maliro, ndipo mwambo wake ankaudziwa wonse osaphonya kanthu. Munthu wa kwathu akamwalira muno mu Pretoria, woyamba kuitanidwa anali iwo. Ndiwo ankanena amene asambitse thupi, pokhala amuna ndi pokhala akazi, ndi mbali imene bokosi litsogoze potuluka pakhomo. Ankalamula mwaukali, nthawi zina mpaka kuchititsa manyazi akulu a mpingo pamaso pa anthu. Komabe tinkawamvera, poti kutali kuno mtima umafuna munthu woti akuuze kuti mbale wako wapita mwa dongosolo.

Msewu wathu ndi wautali, wowongoka, wopanda dzenje. Umayambira pa maloboti a pafupi ndi galaja n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka ku mlatho. Mkati mwa sabata ndi msewu ngati wina uliwonse, wa mataxi ndi ana a sukulu. Koma Lamulungu dzuwa likapendeka umasanduka bwalo. Amabwera a muno, a ku Mamelodi, ena mpaka ochokera ku Mabopane. Galimoto ziwiri zimaima moyandikana pa maloboti, wina amaima pakati pake atakweza manja, ndipo akatsitsa zimauluka kulinga ku mlatho. Eni ake amati dayisi. Akatopa nazo amayamba kusipina, kuzunguliza galimoto pamalo amodzi mpaka matayala kuphulika. Utsi umakwera kuphimba dzuwa, anthu akuimba mluzu atakwera pa mipanda. Zovala ukaziiwala pachingwe, uzichapanso.

Anti Merle anabadwira m'nyumba yomwe akukhalamoyi, ndipo amati dayisi anaipeza. Bambo awo ankathamangitsa Valiant yobiriwira pamsewu womwewu, phula lisanafike ku mlatho. Amati nthawi ya tsankho ija anthu a khungu lawo, makaladi, sankaloledwa kukapikisana ku mabwalo a azungu, ndiye anadzipangira bwalo lawolawo pakhomo. Pambuyo pa bambo awo panabwera amuna awo ndi Cortina. Kenako panabwera ma BMW aja amawatcha gusheshe, amene poyamba ankazunguliza pa maliro a zigawenga, mpaka aliyense anatengera. Tsopano ndi mdzukulu wawo Ashwin. Pabalaza pawo pali zithunzi za amuna onsewa, aliyense atatsamira galimoto yake. Awiri mwa iwo anafera pamsewu pomwepa. Zimenezo Anti Merle amazinena motsitsa mawu, koma zithunzi sachotsa.

A Zakeyu nthawi imeneyo ankakhala m'bwalo lomweli, chipinda chogundana ndi chathu. Dayisi anadana nayo Lamulungu loyamba lomwe. Linali tsiku lokhalo limene msana wawo unkapuma, ndipo ankafuna kuwerenga Masalimo panja, pamthunzi. M'malo mwake ankakhala pa kreti pafupi ndi geti, Baibulo lili pamiyendo, akutukwana galimoto iliyonse m'Chichewa. Anapita kwa khansala kukapempha mabampu, anauzidwa kuti nkhaniyo aiona. Anapitanso, anauzidwa zomwezo. Apolisi akabwera galimoto zinkabalalika ngati ntchentche, akatembenuka zabwereranso. Tsiku lina anazula waya wa tayala kuphazi kwa mwana wa pafupi, ndipo anayenda nawo wayawo m'thumba la jekete mpaka unachita dzimbiri, akuonetsa aliyense amene sanafunse.

Koma mkwiyo wawo waukulu unali pa a Twalha, munthu wa kwathu, wochokera ku Mangochi, amene shopu yawo ili tsidya lina la msewu. A Twalha ndi amene amagulitsa matayala akutha kwa anyamata osipina.

"Iwe, ulendo wonse uja kuchokera ku Mangochi, unadzera kudzagulitsa utsi?" ankafuula motero a Zakeyu ali pa kreti pawo.

"Abambo, ine ndimagulitsa tayala. Chimene mwiniwake akachite nalo n'zake. Inu mukadzala maluwa kwa mzungu wanu, mumamufunsa ngati ndi a ukwati kapena a pamanda?"

"Tsiku lina tayala lakolo lidzaponda mwana wako."

"Mulungu aletse. Bwerani mumwe tiyi, mwina mkamwamo mungalowe shuga."

Sankapita kukamwa. Amuna anga ndiwo ankaseka n'kuwagwira paphewa, amvekere achimwene, kwa eni kulibe mkuwe. A Gama anali munthu wofatsa, wopenta nyumba, wogwirizana ndi aliyense. Ashwin ankawatchula Ankolo Konda. Galimoto yake ikakana kulira m'mawa, iwo ndiwo ankamukankha, ndipo anamupentera galaja yake osafuna kanthu. A Zakeyu ankati umenewo ndi ukapolo, ndipo ankatha masiku osawayankhula.

Amuna anga anagwa pa makwerero ali pantchito, shuga itawakwera, ndipo anamwalira m'chipatala Lachiwiri la sabata yotsatira. Anthu a mpingo wathu ndi a bungwe la maliro anakonza zoti thupi lipite kumudzi pa msewu, kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Anagwirizana kuti lichoke ku mochale Lamulungu masana, lifike pakhomo kuti tipemphere ndi kuona nkhope, kenako tinyamuke. Tsiku lina silikanatheka. Anthu athu ndi a m'makhitchini ndi a m'magadeni, ndipo madamu sakupatsa Lachinayi chifukwa cha maliro a munthu amene si mbale wako. Lamulungu masana ndi nthawi yokhayo imene tonse tili omasuka. Ndi nthawi yomweyonso imene eni msewu ali omasuka.

A Zakeyu anatenga maliro amenewa ngati awoawo. Sanalire pamaso pa anthu. Ankangoyendayenda m'bwalo, akusuntha mipando, akukalipira amayi ophika. Anandiuza kuti akazi awo anaikidwa iwo palibe, koma achimwene awo atuluka pakhomo pano mwaulemu wonse, ngati kumudzi, ndipo galimoto ngakhale imodzi siilira.

Loweruka anawoloka bwalo kupita ku galaja ya Ashwin. Ine ndinali pamphasa ndi amayi a Mvano, ndipo tinkamva zonse. M'Chingerezi chawo chothyokathyoka anamuuza kuti mawa kusakhale dayisi. Ashwin anatuluka pansi pa galimoto, manja ali mafuta okhaokha, ndipo anayankha mwaulemu. Anati wamva chisoni kwambiri, koma msewu si wake, anthu amachokera kutali ndipo sangawabweze. Kenako nkhope yake inawala, n'kunena kuti iye ndi anzake anaganiza kale chochita. Bokosi likamatuluka, iwo adzasipina pa geti pomwepo, kuwotcha matayala atsopano, osati akutha, kuperekeza Ankolo Konda. Anati ulemu umenewu sapatsa aliyense, ndipo mlendo sanaupatsidwepo.

Mnyamatayo ankanena zochokera pansi pa mtima, ndinamuona m'maso. Koma a Zakeyu anamukalipira.

"Mbale wanga si chigawenga. Utsi wakowo ukafukizire agogo ako aamuna ku manda. Futseki."

Ashwin anawayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kulowanso pansi pa galimoto. Sanauze aliyense wa ochokera kutali aja kuti pa nyumba ya agogo ake pali maliro.

Kwathu pakagwa zovuta timayala masamba aawisi pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa. Palibe amaimirira kuti alamule. Wa njinga amatsika yekha n'kuikankha, wa chipewa amavula, wa minibasi amazimitsa wailesi n'kudutsa pang'onopang'ono ngakhale akuthamangira anthu kutsogolo. Mwana amakula akuzidziwa. A Zakeyu anali atakhala ku Joni zaka zochuluka kuposa tonsefe, koma maliro onse amene anayendetsa anali a m'mikhukhu, tinyumba ta malata ta m'kati, kutali ndi msewu waukulu. Mumtima mwawo ankakhulupirira kuti masamba pamsewu ndi chinthu chimene munthu aliyense wobadwa mwa mkazi amachimva, monga amamvera kulira.

Lamulungu m'mawa anathyola masamba a jakaranda ndi a mpanda, n'kuyala mizere iwiri yopingasa msewu. Taxi yoyamba inawaponda osachepetsa liwiro. Mphepo ya galimoto zotsatira inawaulutsira m'ngalande. Anayalanso, zinachitikanso zomwezo. Iwo anaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa masamba, oyendetsa sakuwaona. Choncho thupi litafika, anthu onse atalowa m'bwalo, anatenga sowo yawo ya kuntchito n'kukwera mu jakaranda wa m'mbali mwa msewu. Anagwetsa nthambi zikuluzikulu, zina zonenepa ngati ntchafu ya munthu, n'kuzikokera pakati pa phula.

Zimene zinachitika panjapo ndinauzidwa ndi a Twalha, poti ine ndinali pambali pa bokosi. Akuti anathamanga kuchoka ku shopu kwawo, nthabwala zonse zitatha.

"Abambo, chotsani izi. Kumtundaku ayamba kale kufola. Anthu awa sadziwa kuti masamba ndi chiyani."

"Alibe amayi awo amene anafa?"

"Ali nawo, koma sawaikira masamba. Akafika apa amakhala akuuluka, sangaime. Mupha munthu."

"Aima. Ngakhale galu amadziwa pa siwa."

A Twalha anagwira nthambi imodzi kuti aikoke, a Zakeyu anawaopseza ndi sowo. Kenako anavala jekete yawo yakuda, anavula chipewa, n'kuima m'mbali mwa nthambizo manja ali kumbuyo, monga amaimira mdzukulu podikira alendo. A Twalha anayamba kuthamangira ku maloboti akukupiza manja, koma anali asanafike ndi pakati pomwe pamene manja a woyambitsa uja anatsika.

M'bwalo tinali titatsegula bokosi mbali ya kumutu. Amayi a Mvano ankaimba motsitsa, anthu akudutsa mmodzimmodzi kuona nkhope. Ine ndinayenera kukhala womaliza, ndiye mkulu wa mpingo apemphere, bokosi litsekedwe. Ndinamva mainjini awiri akubwera, phokoso lake likukula mpaka nyimbo inamira. Kenako matayala analira ngati nkhumba ikuphedwa, china chake chinathyoka, ndipo nthaka inagwedezeka pansi pa mphasa.

Galimoto imodzi, ya mnyamata wa ku Mamelodi, inalowa m'nthambi n'kuzungulira mpaka kuima chammbali. Inayo inali ya Ashwin. Pozemba nthambi anakhotera kumanzere, kumene kunaima a Zakeyu. Inawamenya mwendo n'kuwaponyera m'ngalande, iyo n'kukakulunga mlongoti wa magetsi.

Chimene chinatsatira sindimakonda kuchikumbukira. Chikhamu chonse cha ku maloboti chinatsika chikuthamanga. Ataona nthambi zodulidwa ndi sowo, ndi anthu akuda ovala zoyera atadzaza bwalo, sanafunse kanthu. Anayamba kukuwa kuti makwerekwere, ife obwerafe, atchera msampha kuti aphe ana awo. Miyala inagwa pa malata. Botolo linasweka pa khoma, magalasi ake anagwera pa nsalu yophimba bokosi. Anti Merle, amene m'mawa womwewo anatibwereka mipando ndi mapoto, anali pakati pa msewu atagwada, akuitana dzina la mdzukulu wawo, ndipo atadzuka anatiloza chala tonse. Kutali kunamveka kulira kwa galimoto za apolisi. Anthu athu ambiri alibe mapepala. Ndinaona amayi a Mvano, a msinkhu wanga ndi oposa, akukwera mpanda wa kuseri ndi malaya awo oyera, nsapato zili m'manja. Mkulu wa mpingo anasowa pakati pa pemphero.

Woyendetsa galimoto ya maliro anati iye sadikira kuti amuswere magalasi. Anatseka chivundikiro ndi dzanja limodzi, anaitana amuna amene anatsala, ndipo anathamanga nalo bokosi kulowetsa m'ngolo, pakati pa zikwama ndi matumba a katundu wa anthu. Linatuluka chotsogoza mbali iti, palibe anayang'ana. Ine anandikankhira pampando ngati thumba lina. Nkhope ya amuna anga sindinaione pa tsikulo, ndipo pofika kumudzi, ndi kutentha kwa ku Tete kuja, akuluakulu anati bokosi lisatsegulidwenso.

Pamene tinkatuluka pa geti ndinawaona a Zakeyu pa zenera. Anali m'ngalande, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira, anyamata awiri akuwaponda. A Twalha anali atawagwadira pamwamba, akulandira mapazi ena ndi msana wawo, akuchonderera m'Chizulu ndi m'Chingerezi. Ndinamva pambuyo pake kuti anawanyamula okha, n'kuwagoneka pa matayala kumbuyo kwa baki, galimoto yawo ya katundu, n'kuthamangira nawo ku chipatala.

Ndinabwerera ku Joni titameta. Ndinapeza Ashwin watuluka m'chipatala ndi chipsera chochoka pa nsidze mpaka kukhutu, phewa lili m'nsalu. Ndinapeza katundu wa a Zakeyu Anti Merle anamutaya pamsewu tsiku lomwelo, mvula n'kumunyowetsa. Ine anandilola kukhala, akuti chifukwa cha Ankolo Konda, koma mpaka lero moni wathu ndi wapakamwa pokha. Amayi awiri a mpingo wathu anagwidwa tsiku lija akudumpha mpanda, ndipo anatumizidwa kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha. Mmodzi anasiya mwana wa sukulu kuno, akuleredwa ndi anthu.

A Zakeyu anakhalitsa m'chipatala. Mwendo anauika zitsulo, koma sunabwerere. Azungu awo a ku Lynnwood anapeza mnyamata wina wokwera mitengo. Mlandu apolisi anautsegula, kenako unangozilala, poti kuufukula kukanafukulanso dayisi. Atatuluka analibe kolowera. Anthu a kwathu, amene iwo anawaikira abale awo zaka zonsezi, aliyense anati chipinda n'chochepa. Anawatenga ndi a Twalha, n'kuwapatsa mkhukhu wa kuseri kwa shopu, mmene ankasungiramo machubu. Amadya chakudya cha kwa a Twalha, chophika akazi awo a Maimuna, ndipo m'mawa uliwonse amawakhuthulira zinyalala pakhomo. Ndinawafunsapo a Twalha chifukwa chimene amapiririra. Anaseka n'kunena kuti madala akungowabwezera katundu wawo, ndipo munthu wamkulu satayidwa ngakhale alume.

Bungwe la maliro linawachotsa pa udindo popanda kuwauza. Tsopano munthu wathu akamwalira timakapempherera ku holo ya eni mochale, zitseko zotseka, nthawi yochita kutiyezera, ndipo bokosi limatuluka mmene aligwirira antchito a pamenepo. Palibe amadandaula. Anthu amati bola mtendere.

Ine ndinatha nthawi yaitali ndikuwazemba. Ndikawaona ndi tsache ndinkadzera njira ya kuseri, ngakhale ndi yotalika pokakwera taxi. Tsiku lina m'mawa tinakumanizana pa geti penipeni, panalibe kothawira. Anaimika tsache, n'kutsamira ndodo.

"Alamu, mwakhala mukundizungulira ngati chitsa. Nenani, ndinalakwa chiyani? Ndikanalola achimwene atuluke ngati galu, magalimoto akuimba pamutu pawo?"

"Anatuluka ngati katundu, alamu. Nkhope yawo sindinaione."

Ndinayembekeza kuti mwina apepesa. Anayang'ana kumtunda, ku maloboti.

"Akanaima," anatero. "Anthu akanaima."

Anatola tsache lawo n'kupitiriza kusesa, ndipo ine ndinapita kuntchito. Ndimapempha Ambuye tsiku ndi tsiku kuti andichotsere chimene chinakhala pachifuwa panga kuyambira pamenepo. Sindikudziwa amene ndimamukwiyira kwambiri, mkulu wouma mutu uyu kapena anyamata amene amaona msewu wa anthu ngati bwalo la agogo awo. Ndikamva injini ikukuwa Lamulungu, ndimawada onse pamodzi, kenako ndimagwada.

Dayisi siinaphonye ngakhale Lamulungu limodzi. Ashwin anamanga galimoto ina, yofiira, ndipo chithunzi chake chakwera pakhoma pa Anti Merle, chipsera chikuoneka. Mlongoti wopindika uja anangoulumikizanso mawaya osauwongola, ndipo anyamata ausandutsa pothera mpikisano. Amapatcha pa Malawi. Wopambana akadutsapo amaliza hutala, ndipo akawaona a Zakeyu atakhala pa kreti kutsogolo kwa shopu, ena amathyola kanthambi n'kuwaponyera pamiyendo, chikhamu chikuseka. Iwo sasuntha. Amangotola kanthambiko n'kukaika pambali bwinobwino, ngati chinthu chofunika. Mabampu sanabwere.

Chaka chino chifuwa chawagwira. Tsache limayamba mochedwa, ndipo masiku ena limalekera panjira, osafika pa mlongoti. Thumba amalikoka akupumira. A Maimuna anandiuza pa mpopi kuti chakudya chikubwerera m'mbale momwe chinapitira. Jakaranda uja anaphukanso, nthambi zatsopano zafika pamwamba pa msewu, ndipo ndawaonapo ataima pansi pake akuziyang'ana.

Ku mpingo amabwerabe. Timapemphera m'kalasi ya sukulu ina ku Nellmapius, ndipo iwo amakhala kumbuyo, pa desiki ya ana, mwendo atautambasulira m'kanjira. Palibe amakhala nawo pafupi. Lamulungu lina, pa nthawi ya zolengeza, mlembi atamaliza za zopereka ndi za ulendo wa kwaya, tinamva ndodo ikugunda pansi. Anaimirira movutika, atagwira chipewa pachifuwa. Mkulu wa mpingo anayesa kuwakodola kuti akhale, koma iwo sanamuyang'ane. Anatiyang'ana ife, mmodzimmodzi, anthu amene anatisambitsira amuna athu ndi ana athu. Mawu awo sanali aukali tsiku limenelo.

"Ine kumudzi kulibe ondidikira, mudzandiika konkuno. Nyimbo musadzavutike nazo. Koma thupi langa lidzadutse pamsewu uja, ndipo pakhale masamba. Aang'ono omwe, ongothyola ndi manja. Ndani adzandiyalire?"

Ena anayang'ana pansi, ena anatsegula mabuku a nyimbo. Maso awo anafika pa ine n'kukhalapo kanthawi, ndipo ine ndinayang'ana pa bolodi, pamene panali masamu a ana osafufuta. Mkulu wa mpingo anakhosomola n'kutchula nambala ya nyimbo yotsekera. Tinaimirira tonse n'kuyamba kuimba, iwo ali chiimire, chipewa chili pachifuwa, akudikira.